Anthu a autism amatha kulosera, bola muwauze cholinga chanu

Ena amati anthu a autism (kakulidwe kosiyana ka ubongo komwe kamakhudza kucheza ndi kumvana ndi ena) satha kulosera zomwe wina achite. Apa amaonjezako pang'ono.

Ganizoli lidatchuka ndi kafukufuku wa mu 1985 wa Simon Baron-Cohen, Alan Leslie ndi Uta Frith ku London. Mwana ankamuonetsa zidole ziwiri, Sally ndi Anne. Sally amaika mabo m'dengu n'kutuluka, Anne amawachotsa n'kuwabisa m'bokosi. Kenako funso: Sally akabwera akawafuna pati? Mwa ana 20 a autism, 16 adaloza bokosi, pomwe pali mabowo, osati pomwe Sally adawasiya. Koma anayi adakhoza, ndipo ambiri akamakula, makamaka olankhula bwino, amakhoza ndithu.

Mu 2009 Atsushi Senju ndi anzake adagwiritsa ntchito makina otsata maso. Akuluakulu a autism ankayankha molondola akafunsidwa mafunso onga la Sally lija, koma poonera vidiyo maso awo sankatsogola okha kupita pomwe munthu wa m'vidiyoyo apise dzanja pofuna chinthu chomwe chasunthidwa iye osaona. Luso alinalo, kungoti limadza poganizira, silingobwera lokha. Komanso ena atabwereza njirayi, ngakhale anthu opanda autism sankayang'ana motero nthawi zonse.

Ndiye kunyumba kapena m'kalasi, nenani cholinga musanachite: "Ndikutenga poto ali kumbuyo kwakoyo," osangotambasula dzanja modzidzimutsa. Kuloza ndi milomo kapena kutsinzinira diso musadalire. Mukafunsa munthu wa autism, dikirani pang'ono. Kubwereza funso msanga kumamuyambitsa kuganiza mwatsopano. Ndipo monga wofufuza za autism Damian Milton adanenera mu 2012, ifenso opanda autism timalephera kumvetsa zomwe iwo akufuna kuchita.