Mwabwereranso M'khwawa Muja?

Lachinayi lapitali ndinakwera kumtunda kwa Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, kukazonda mwana wa mlongo wanga. Pobwerera ndinaima chilili. Pomwe panadutsa matope a namondwe Freddy aja, pakati pa miyala imene phiri la Soche linalavula, munthu wakumba maziko. Zidina zaunjikidwa pambali, zingwe zakokedwa kale. Ndinamufunsa mnyamatayo kuti, "Achimwene, mukudziwa chimene chinadutsa pamene mukukumbapa?" Anaseka n'kunena kuti, "Madala, zija zinali za kamodzi. Malo m'tauni muno ndi odula."

Za kamodzi! Ndafika kunyumba nsima yandikanika. Ndiye khalani pansi ana inu, ndikukumbutseni, poti zikuoneka kuti mitu yanu ndi madengu, sisunga madzi.

Namondwe Freddy anabadwira kutali, panyanja ya pakati pa Australia ndi Indonesia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yonse ya India, kugunda Madagascar pa 21, kulowa ku Mozambique cha ku Vilankulo pa 24. Ife kuno tinati wapita ameneyo. Koma anabwereranso kunyanja kukatola mphamvu, ndipo usiku wa Loweruka pa 11 Marichi anatera pafupi ndi Quelimane, mphepo yake ikuthamanga makilomita pafupifupi 150 pa ola, nthawi zina kupitirira 200. Minibasi imene mumakuwa nayo kuti "adalaivala mutipha" pamsewu wa Zalewa siifika pamenepo. Akatswiri a zanyengo padziko lonse anadzatsimikiza kuti anakhala moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo.

Tsono mvetsani apa, chifukwa ndi pamene ambiri mumasokonekera. Mphepo ya ku Quelimane ija sinafike kuno ndi ukali wake wonse. Namondwe amadya kunyanja yofunda; akaponda mtunda amayamba kufooka. Chimene Freddy anatisenzera ife ndi madzi. Anafika n'kuima pamwamba pathu ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Mvula usiku, mvula usana, osakata. Ku Nkhulambe m'boma la Phalombe inagwa yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha, mvula imene madera ambiri amailandira m'chaka chathunthu. Dothi linamwa mpaka kukhuta, kenako linasiya kugwira miyala.

Ndikamva munthu akunena kuti "mphepo ikadzayamba tidzathawa", ndimadziwa kuti sanaphunzirepo kanthu. Ku Chilobwe anthu sanaphedwe ndi mphepo. Anali m'nyumba zawo, zitseko zotseka, akudikira kuti mvula ikate. Phokoso lake ine ndinalimva ndili kumunsi: ngati malole ambirimbiri akukhuthula miyala nthawi imodzi. Pofika Lolemba pa 13 tinali kukumba ndi makasu, mafosholo, ena ndi manja enieniwa. Ine ndinatola mphika uli ndi chivundikiro chake, nyemba zili momwemo. Mwini wake sitinamupeze tsiku limenelo. Tsiku lomwelo Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti chigawo cha kummwera chili pa ngozi, ndipo patapita masiku awiri mabokosi anandandalikidwa pabwalo la sukulu ya Naotcha, ena aang'onoang'ono oti munthu mmodzi anyamula pansi pa mkono. Amene mitembo yawo inapezeka m'dziko muno anapitirira 600, ndipo ena oposa 500 sanaoneke konse. Anthu oposa 600,000 anasiya nyumba zawo. Ku Ntauchira m'boma la Chiradzulu mudzi unakokoloka. Zonsezi zinatipeza kolera ali kale pakhomo.

Ndiye wina aziti za kamodzi? Namondwe Idai anagunda Beira ku Mozambique mu Marichi 2019 n'kukwirira anthu ku Chimanimani m'dziko la Zimbabwe. Namondwe Ana anabwera mu Januwale 2022 n'kuwononga damu la magetsi la Kapichira, tonse tinagona mumdima miyezi yambiri. Gombe anatsatira chaka chomwecho. Werengani nokha pa zala.

Makolo athu analibe wailesi, koma ankadziwa. Ankati m'phiri mumakhala chinjoka chotchedwa Napolo, ndipo akafuna kusamuka kupita kunyanja amadutsa njira yake osapempha. Anadutsa ku Zomba mu 1946, anadutsanso ku Phalombe mu 1991 n'kutenga anthu mazanamazana. Kaya mumakhulupirira za njokayo kaya ayi, zimenezo n'zanu; ine sindikangana nanu. Koma mantha a Napolo ankamuletsa munthu kumanga m'khwawa ndi kudula mitengo ya m'phiri. Inu a masiku ano mwati za Napolo n'zachikale, mwataya. Chabwino. Nanga za a nthambi yoona zanyengo, amene amayeza ndi makina, bwanji nazonso mukuziseka? Chenjezo la Freddy linaperekedwa masiku angapo asanafike, pawailesi ndi pafoni. Ndinaona ndi maso anga pa gulu lina la WhatsApp anyamata akutumizirana nthabwala kuti Freddy akafika amugulira chibuku. Zakale mwakana, zatsopano mwakana. Mwatsala ndi chiyani?

Sindikunena ngati munthu wosadziwa umphawi. Lendi ndi yowawa, ndikudziwa. Makala ndi amene amaphikira tauni yonseyi, nanenso mbaula ndili nayo, ndipo mlandu umenewu sindikuuthawa. Koma Soche amene ndinamupeza ine ndili mnyamata anali wakuda bii ndi mitengo, anyani akulira m'menemo. Lero ndi mutu wometedwa mpala. Mwadula mitengo, mwazula ndi zitsa zomwe, mwaswa miyala ya m'munsi kugulitsa kwale, kenako mwakumba phirilo kuti mupeze pokhazika nyumba. Mizu ndi imene inkamanga dothi lija. Mwamasula mfundo zonse, ndiye mukudabwa kuti katundu wagwa?

Ndipo inu amene mumagulitsa malo m'mphepete mwa phiri, kulandira ndalama ya mayi wamasiye n'kumuloza pakhwawa kuti "apa mpabwino, madzi sadutsa", mumagona tulo bwanji? Paja amati madzi saiwala khwawa. Mukudziwa bwino lomwe, n'chifukwa chake nyumba zanu simumanga pamenepo.

Za zinyalala m'ngalande ndatopa nazo kulankhula. Matewera, majumbo, mabotolo, zonse mumtsinje wa Mudi. Mvula ikagwa madzi akusowa njira, akulowa kuchipinda kwanu.

Koma amene amandipsetsa mtima kwambiri ndi a mafoni. Mtsinje wadzaza, mlatho ukunjenjemera, munthu waima pomwepo kujambula kuti aike pa Facebook. Wakabaza naye akuti "tiwoloka bwana, ndimadutsa daily", kasitomala n'kukhala phee kumbuyo, mwana ali kumsana. Madzi othamanga ofika m'mawondo amagwetsa munthu wamkulu, ndipo pansi pake simuona ngati msewu udakalipo. Tsikani. Gonani kutsidya konko kwa achibale, ntchito mukapepesa mawa.

A zanyengo akadzalengeza kuti kukubwera namondwe, inu okhala m'munsi mwa phiri ndi m'mbali mwa mitsinje musadzadikire kuona mphepo. Tengani ana, agogo, mabulangete, ziphaso ndi mabuku a kuchipatala m'jumbo, mupite kusukulu kapena kutchalitchi kudakali kowala. Mukaona madzi a matope akutuluka pamene sipatuluka madzi, kapena khoma layamba mng'alu, musayambe kulongedza mbale. Akuba angatenge wailesi, inde. Ambiri amene tinawakumba aja anatsalira kulondera katundu.

Iwe mnyamata wa zidina, ngati wina angakuwerengere izi: mwala waukulu uja uli kumtunda kwa maziko ako, umene ndinakupeza utakhalapo ukudya chimanga chootcha, mu Febuluwale 2023 sunali pamenepo. Unali pamwamba pa phiri.