Mwamuna womenya mkazi: kuno timamuyanjanitsa, anzathu amachita naye chiyani?

Ukawoloka mlatho wa pa Muloza wafika ku Milange, m'dziko la Mozambique. Anthu ake ndi omwewa, Chilomwe ndi chomwechi, ndipo timakwatirana. Koma mwamuna akamenya mkazi usiku, zomwe zimuchitikire m'mawa zimatengera tsidya la mtsinje lomwe wagona.

Kuno lamulo tili nalo. Lothana ndi nkhanza za m'banja linakhazikitsidwa mu 2006, ndipo khoti likhoza kuletsa mwamuna kuyandikira mkazi, ngakhale kumutulutsa m'nyumba. Kupolisi kuli Victim Support Unit, m'zipatala zina muli malo a Chikwanekwane, komwe ochitiridwa nkhanza amapeza thandizo losiyanasiyana pamalo amodzi. Koma mayi wothyola tiyi ku Thyolo sayambira kumeneko, amayamba wapita kwa ankhoswe. Amayala mkeka, mwamuna amazyolika n'kunena kuti, "Unali mowa, sindidzayambiranso." Mayi uja, diso lili chitupire, amauzidwa kuti banja ndi kupirira. Likafika tsiku la malipiro ku esiteti, kukuwa kuja kwayambiranso. Nkhani ikafika kupolisi, kawirikawiri ndi mayi yemweyo amene amabwerera kukachonderera: "Mutulutseni bwana, ana adya chiyani?" Ine sindingamudzudzule, chifukwa funso lakelo ndi loona.

A ku Mozambique anatseka khomo limenelo. Lamulo lawo la 2009 linaika nkhanza kwa amayi m'banja kukhala mlandu wa boma, kotero mkazi sangauthetse yekha ngakhale apongozi amuumirize bwanji. Pamenepa anatiposa, chifukwa mtolo wosankha anauchotsa pamutu pa womenyedwayo. Alinso ndi bungwe la abambo la HOPEM, lomwe linayambitsa maphunziro otchedwa Homens na Cozinha, oti abambo aziphunzira kuphika uku akukambirana za khalidwe lawo panyumba. Ndi nzeru yabwino, koma imakoka abambo amene mtima wawo wafewa kale, ndipo Maputo ali kutali zedi ndi Milange.

Ku Zambia anagwira pa nkhani ya nthawi. Atakhazikitsa lamulo lawo mu 2011, mu 2016 anatsegula makhoti ozenga msanga milandu ya nkhanza ku Kabwe ndi ku Lusaka. Amene anaperekezapo mbale wake kukhoti akudziwa kuti mlandu ukamangosunthidwa, ndalama ya kabaza imatha, ndipo achibale a mwamuna amapeza mpata wonyengerera.

Zonsezi zikukhudza kugwira ndi kuzenga. Ntchito yokhala pansi ndi womenyayo mpaka asinthe ikuoneka bwino ku Joni, komwe anyamata athu ambiri amapita. Bungwe la NICRO, lomwe linayamba mu 1910, lili ndi maphunziro a anthu ochitira nkhanza akazi awo, ndipo khoti likhoza kutumiza munthu kumeneko. Oyendetsa maphunzirowo ndi anthu ophunzira za chisamaliro cha anthu, olembedwa ntchito, olandira malipiro.

Ntchito imeneyi si uphungu wa banja ayi. Wogwira ntchitoyi sabwera kudzamva mbali zonse ziwiri, ndipo safuna kudziwa ngati ndiwo zinapsereradi. Mwamuna akati, "Anandiputa yekha, mtima unangondipsa," iye amamufunsa kuti, "Nanga kapitawo akakukalipirani kumunda, bwanji simumumenya?" Apo m'pamene mwamuna amayamba kuona kuti dzanja lake limasankha womumenya. Amakumana pagulu mlungu ndi mlungu, amakamba za ndalama zomwe amalanda mkazi, za kufufuza foni yake, za kumuletsa kupita kumsika wa pa Limbuli. Ndipo pamene ntchitoyi ikuchitika bwino, pamakhala wina amene amalankhula ndi mkaziyo payekha, kuti ngati bamboyo akuoneka wofatsa pagulu koma kunyumba akuopseza, zidziwike msanga. Si onse amasintha, ndipo wogwira ntchitoyi ayenera kukhala wolimba mtima kukauza khoti kuti uyu asabwerere kunyumba.

Wina anena kuti kuno ku Mulanje ndi Thyolo tili ndi chikamwini. N'zoona, ndipo ndi chitetezo chomwe amayi a madera ambiri alibe: mkazi ali pamudzi pa amayi ake, munda ndi wake, amalume ali pafupi. Mkamwini akanyanya amamumangira katundu. Koma akanyamula chikwama chake amapita kuti? Amakakwatira ku Luchenza kapena ku Bvumbwe, ndipo mwana wamkazi wa eni ake amalandira munthu yemweyo, asanafunsidwe ndi aliyense chomwe chinathetsa banja loyamba. Ichi ndicho chimandiwawa kwambiri.

Anthu oti agwire ntchitoyi sitikusowa. Ku koleji ya Magomero ndi ku Catholic University ku Nguludi, pafupi pomwepa m'boma la Chiradzulu, achinyamata amaphunzira za chisamaliro cha anthu. Bungwe la MEGEN lakhala likulankhula ndi abambo za nkhanza. Chomwe chikusowa ndi mpando weniweni wa ntchitoyi. Alangizi a m'maofesi a boma athodwa kale ndi nkhani za ana ndi za Mtukula Pakhomo, ndipo ntchito za mabungwe zimatha thandizo likatha.

Ine ndikanakonda titenge kulimba kwa a ku Mozambique ndi changu cha a ku Zambia, kenako boma lilembe anthu, amuna ndi akazi omwe, oti ntchito yawo ikhale imeneyi basi. Majisitireti akapereka chiletso, azilamulanso kuti bamboyo azikaonekera kwa mlangiziyo mlungu uliwonse. Ankhoswe asachotsedwe, koma udindo wawo ukhale woonetsetsa kuti mbale wawoyo akupitadi, ndipo akajomba, khoti lidziwe mlungu womwewo.