Ndinapita kukaona linga, iwo anabwera kudzaona ine

Abale anga, mpaka pano mtima ukuwawabe. Loweruka ndinakwera basi ya ku Rajgir, konkuno ku Bihar m'dziko la India, kuti ndikadzionere linga lakale la mafumu a Magadha, ufumu wamakedzana wa dera lino. Miyala yosasema, yongosanjikiza popanda chomatira, ikukwera ndi kutsika mapiri mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo yakhala pomwepo zaka ngati 2,500. Ndangofika pamalo omwe amati ndende ya Bimbisara, mmodzi wa mafumuwo, anyamata asanu andizinga, mafoni m'mwamba. Wina n'kundigwira tsitsi. Kundigwira ndithu, osapempha, ngati akupapasa nkhuku pamsika! Anzake phwete kuseka, "habshi, habshi," mawu onyozera munthu wakuda.

Za kuno enanu mukuzidziwa. Wa ngolo ya hatchi akaona khungu lakuda, mtengo ukwere katatu. Mwini nyumba pafoni amati chipinda chilipo, ukafika pageti akuti chatengedwa. Mapepala a viza nawo, lero mubwere mawa, mawa abwana kulibe. Tsabola ngakhale m'chakudya cha m'mawa, dzuwa la Meyi lowotcha ngati ng'anjo. Ukati ndine wa ku Malawi, akuti Mali? Zonsezi ndimangomeza. Koma dzanja lija m'mutu mwanga ndalephera kulimeza.

Ndiye taganizani malo ake! Chapafupi pali phiri la Griddhakuta, pomwe Buddha, woyambitsa chipembedzo cha Chibuda, ankakonda kukhala ndi kuphunzitsa. Mfumu Bimbisara ndi imene inamupatsa munda wa nsungwi wa Venuvana. Mwana wake Ajatashatru, dyera la ufumu litamugwira, anatsekera bambo ake omubala, ndipo amati mkuluyo anasankha yekha malowo kuti aziona Buddha akukwera phiri lija. Anafera momwemo. Anyamata aja aponda maziko omwewo, mbiri ya makolo awo ili pansi pa mapazi awo, koma chowakoka n'tsitsi la mwana wa eni. Ankaliona ngati udzu kodi?

Atachoka ndinakhala pamwala, maso kuphiri, n'kukumbuka bambo anga ku Mchinji. Anagulitsa ng'ombe ziwiri kuti ine ndikwere ndege. Madzulo amakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu komwe ndinadzera pochoka. Usiku womwewo ndinawaimbira.

"Akukusungani bwino kumeneko, mwanawe?"

Ndinati eya, bambo, ndili bwino. Sindinafune kuti agone ndi nkhawa. Kwatsala miyezi 14, ndikangolandira pepala langa ndikubwera kwathu.