Nanga chopereka cha mlimi wa fodya?

A mtolankhani, mwalemba kuti Mkhristu wosuta fodya akuchimwa chifukwa thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, monga akunenera 1 Akorinto 6:19, ndipo mwati mipingo iziimitsa anthu otere pa mgonero. Sindikutsutsa kuti fodya amaononga mapapo ndi mtima, koma mwasiya mbali ina imene imatikhudza kwambiri ife Amalawi.

Ine ndinakulira ku Kasungu, kumene msika ukatsegulidwa mabelo amapita ku Chinkhoma kapena ku Kanengo, ndipo alimi akalandira ndalama mbale ya chopereka imadzaza. Malata a tchalitchi chathu tinagula ndi ndalama za fodya wa Burley. Komabe agogo anga aakazi, amene ankamangirira kabotolo ka fodya wofwenkha pa mfundo ya chitenje, anaitanidwa ndi akulu a mpingo n'kuimitsidwa pa mgonero chaka chathunthu, pamene mmodzi mwa akulu omwe anaweruza mlanduwo anali ndi zigafa ziwiri kuseri kwa nyumba yake. Agogowo anayesa kusiya kangapo, koma mutu unkawawawa ndipo tulo tinkawathawa, popeza chikonga chimagwira munthu mwamphamvu.

Abusa amene mukuwerenga, ngati kusuta ndi tchimo, kodi wolima ndi wolandira chakhumi chake mukuwaika pati? Ndikanakonda kuona mipingo ikuitana azaumoyo kudzaphunzitsa za kalekedwe ka fodya, ndiponso kuthandiza alimi kupeza msika wa soya ndi mtedza, musanayambe kufufuta mayina m'kaundula.