Wotopa mpatseni tulo, osati kamkeka ka yoga

Ndikulemba izi ndili m'basi yausiku, nthawi yangopitirira 2 koloko, zala zikuchita kuwawa pogwira foni. Mtima wandipsa abale, ndipo sindigona ndisanalankhule.

Sabata ino kuno ku London ndi ya Fashion Week, nthawi imene makampani a mafashoni amaonetsa zovala zawo zatsopano. Amene mumandidziwa mukudziwa kuti ndine telala, ndimasoka pakampani ina yaing'ono ya zovala. Tili ndi zovala 28 zoti zikaoneke pachionetsero Lamlungu. Chiyambire Lolemba ndikulowa 8 koloko m'mawa, kuweruka pakati pausiku. Lero cha m'ma 11 usiku, ndili mkati mopinda mpendero wa diresi la silika ndi singano yapamanja, abwana alowa ndi mtsikana wina atanyamula timikeka ndi kandulo yonunkhira. Akuti tonse tisiye zomwe tikuchita, tikhale pansi, titseke maso, tizikoka mpweya pang'onopang'ono kwa mphindi 10. Akuti imeneyo ndi mindfulness, itichotsa nkhawa. Mayi wina amene timasoka naye, wamkulu ndithu, wa zidzukulu zake, atangotseka maso anagoneratu, mutu watsamira khoma, tepi yoyezera ili m'khosi. Mphindi zija zitakwana anamugwedeza paphewa. Kenako abwana akuti, "Tsopano mphamvu zabwerera, timalize manja a majekete aja tisanachoke."

Ine misozi inalengeza. Thupi la mayi uja linanena lokha chimene likufuna, pamaso pa tonse, koma anamudzutsa kuti abwerere pamakina.

Munthu wotopa amafuna kugona, basi. Safuna kandulo. Safuna kuphunzitsidwa kukoka mpweya, wakhala akukoka mpweya chibadwire. M'Chichewa chathu mawu ndi amodzi, kupuma. Timati munthu akupuma tikaona chifuwa chikukwera ndi kutsika, timatinso akupuma akatula khasu n'kukhala pamthunzi. Anthu awa atenga kupuma koyambako, kwaulere, n'kutigawira ngati mphatso, koma kupuma kwachiwiri, kumene kumawadyera ndalama, akutimana. Ndicho chandikwiyitsa. Mwandimana maola, mwandipatsa mphindi, ndiye mukufuna ndithokoze?

Ndipo musamve ngati ndikudana ndi yoga kapena sauna, kachipinda kotentha kamene munthu amalowamo kuti atuluke thukuta. Ayi. Ndinalowapo mu sauna ya pamalo osambirira a kudera kwathu, msana unamasuka, usiku umenewo ndinagona ngati khanda. Ku Finland, kumene mawu oti sauna anachokera, anthu alipo 5 miliyoni ndi theka, masauna oposa 3 miliyoni, ndipo mwambo umenewu bungwe la UNESCO linaulemba m'kaundula wake wa miyambo yofunika kusungidwa mu 2020. Kumeneko sauna ndi ya aliyense. Mlimi amalowa akaweruka kumunda, kale amayi ankachiriramo. Amalowa ntchito itatha. Itatha! Osati kumulowetsa munthu kuti atenthedwe pang'ono abwerere kukakoka ngolo. Mindfulness yomweyi, katswiri wina dzina lake Jon Kabat-Zinn atayamba kuiphunzitsa ku Massachusetts ku America mu 1979, ankathandiza odwala amene ululu sukuwachoka m'thupi. Sanaiyambitse kuti bwana azifinya nayo maola ena atatu mwa mayi wokalamba.

Tsegulani Instagram sabata ino muone amene akupumadi. Ndi aja okhala pamipando yakutsogolo pazionetsero. M'mawa yoga pamwamba pa hotela, masana sauna ndi kudziviika m'madzi ozizira, madzulo kusisitidwa mapazi, zambiri mwa izo zaulere chifukwa makampani akufuna awajambule nazo. Akuti sabata yawakulira. Chawatopetsa n'chiyani? Kutsika galimoto, kukhala pampando, kuonera chionetsero chimene sichipitirira mphindi 15, kukweranso galimoto. Chabwino, mwina amatopadi, kuchoka ku New York kubwera kuno, kuchoka kuno kupita ku Milan ndi Paris, mwezi wathunthu ali m'ndege ndi m'mahotela. Sindikukana. Koma diresi limene likuwadutsa pamaso kwa masekondi ochepa landidyera ine masiku anayi. Wosita waima tsiku lonse mu nthunzi ya ayironi, imeneyo ndiye sauna yake. Wovalitsa mamodelo wagwada pasimenti, mapini ali kukamwa. Woyeretsa amalowa tonse titatuluka. Anthu amenewa palibe amene amawaitana kuhotela.

Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Mame alipo, ndipo tikuyendamo ndi ife.

Chifukwa chimene tikugwirira ntchito mpaka usiku chonchi n'chodziwika, abwana safuna kulemba telala wina woonjezera, ndipo amasintha masitayelo mpaka tsiku lomaliza. Koma zimenezo si mlandu wanga. Chimene ndikudziwa n'chakuti lamulo la dziko lino, la mu 1998, limati wantchito apume maola 11 pakati pa tsiku lina ndi linzake, ndiponso akagwira kupitirira maola 6 apatsidwe mphindi 20 zopuma. Maola 11. Ine ndikafika kunyumba 3 koloko, kudzuka 6 koloko. Werengani nokha. Palibe kamkeka kamene kangabweze maola amenewo. Palibe kandulo imene ingachotse chizungulire chimene ndimamva ndikamalowetsa ulusi pasingano, bowo likuoneka pawiri. Dzulo ndinadzibaya chala, magazi anatsala pang'ono kudontha pansalu yoyera, ndipo chimene ndinayamba kuopa ndi nsaluyo, osati chala changa. Munthu kufika pamenepo ndiye kuti zinthu zalakwika, ndipo mankhwala ake si kutseka maso mphindi 10. Mankhwala ake ndi kumuuza kuti tseka makina, pita ukagone, tionana mawa masana.

Mukafuna kutisamalira, tiweruke nthawi yabwino. Tilipireni maola owonjezera. Chionetsero chikatha tipatseni masiku awiri athunthu, foni isalire. Tikagona n'kudzuka, amene akufuna yoga apita yekha, amene akufuna sauna apita yekha, ine mwina ndingophika nsima yanga n'kukhala phee. Zimenezo n'zanga, ndisankha ndekha. Koma musandichotsere tulo kenako n'kubwera ndi nkhope yachifundo kudzandiphunzitsa kudekha. Ndikadekha ndikagona.

Ndipo pali ana aja asukulu za mafashoni amene amabwera nyengo ino kudzathandiza. Atatu tili nawo. Salandira kanthu, akuti akuphunzira ntchito. Kuphunzira kwake n'kuthamanga mumvula kukagula mazipi ndi mabatani, kunyamula zikwama, kutola mapini pansi. Mmodzi ndinamupeza kuseri kwa mashelefu a nsalu akudya mabisiketi, ndicho chakudya chake cha tsiku lonse. Ndinamugawira mpunga wanga. Naye lero anamukhazika pakamkeka kuti akoke mpweya. Mwana wa eni, m'mimba mulibe kanthu, ndalama ya basi anachita kubwereka kwa ine.