Naka, Nanga ndi uCanzibe: nyenyezi imodzi ku Lesotho, Botswana ndi South Africa

Munthu amene waima panja ku Lilongwe kapena ku Chipata cha m'ma 9 koloko usiku mwezi wa Febuluwale, ngati mitambo ya dzinja yapereka mpata, amaona nyenyezi yowala koposa zonse ili pafupifupi paliwombo pake, ndipo imeneyo ndi Sirius. Akatsitsa maso chakummwera amapeza ina yoyera imene ili payokha, yopanda inzake yowala pafupi. Imeneyo ndiyo yachiwiri pa nyenyezi zonse za usiku, ndipo mabuku a sayansi amaitchula kuti Canopus kapena Alpha Carinae, kusonyeza kuti ndiyo yowala koposa m'gulu la nyenyezi lotchedwa Carina. Isasokonezedwe ndi nthanda, chifukwa nthanda ndi pulaneti Venus imene imangobweza kuwala kwa dzuwa, pamene Canopus ndi dzuwa palokha.

Uchiwiri wakewo ndi wa maso athu chabe. Kuwala kwa Sirius kumatenga zaka 8.6 kuti kutifike, koma kwa Canopus kumatenga zaka pafupifupi 310, kotero kuti kuwala kumene Msotho akuona lero kunanyamuka Moshoeshoe I, mfumu imene inakhazikitsa ufumu wa Asotho, asanabadwe, malire a Lesotho, Botswana ndi South Africa asanalembedwe. Kuti chinthu chakutali chotere chioneke chowala chonchi, chiyenera kukhala chachikulu zedi. Canopus imatulutsa kuwala koposa kwa dzuwa lathu kuwirikiza ka 10,000 ndi kupitirira, m'mimba mwake ndi motakata kuwirikiza ka 70, ndipo itaikidwa pamene pali dzuwa ikhoza kufika pafupi ndi njira imene pulaneti Mercury imazungulira. Pamwamba pake pamatentha madigiri opitirira 7,000, pamene pa dzuwa pamatentha madigiri pafupifupi 5,500, ndipo n'chifukwa chake imaoneka yoyera osati yachikasu. Mtunda wake unavutitsa akatswiri kwa nthawi yaitali, ena akuuchepetsa ena akuukulitsa, mpaka setilaiti ya Hipparcos, imene inagwira ntchito kuyambira 1989 mpaka 1993, inaupima bwino.

Dzina lakuti Canopus linachokera kwa Agiriki, amene ankati ndi dzina la woyendetsa chombo cha mfumu Menelaus, ndipo ku Egypt kunali mzinda wa dzina lomwelo pafupi ndi Alexandria. Iwo ankaona chombo chachikulu chotchedwa Argo m'chigawo chimenecho cha thambo. Nicolas-Louis de Lacaille, Mfalansa amene anapima nyenyezi za kummwera ali ku Cape Town m'zaka za 1751 ndi 1752, anagawa chombocho patatu, ndipo lero zigawozo ndi Carina, ndiwo msana wa pansi pa chombo, Puppis, ndiko kumbuyo kwake, ndi Vela, ndiwo matanga ake. Pali chodabwitsa pamenepa: kugawako kunachitika ndi miyeso yotengedwa m'dziko limene eni ake anali kale ndi maina awo a nyenyeziyi, koma dzina limene linakhazikika linachokera kwa anthu amene kwawo imangosuzumira pang'ono m'mphepete mwa thambo. Ku London siioneka n'komwe.

Asotho ndi Atswana amaitcha Naka, Avenda amati Nanga, ndipo khutu la Mchewa silichedwa kumva mawu akuti nyanga m'maina amenewa, pakuti tanthauzo lake ndi lomwelo. Axhosa amati uCanzibe, Azulu amati inKhwenkwezi. Kuyerekeza mayiko pa nkhani iyi kumafuna kusamala, popeza olankhula Chisotho ndi Chitswana ndi ambiri mu South Africa kuposa ku Lesotho ndi ku Botswana komwe, ndipo Avenda ali tsidya lino ndi tsidya lija la mtsinje wa Limpopo. Komabe malo amasiyana, ziweto ndi nyengo zimasiyana, ndipo ntchito imene anthu anaipatsa nyenyeziyi inatsata kusiyanako.

Chimene onse ankadikira sichinali kuiona madzulo, chifukwa kummwera kumeneko imakhala pamwamba nthawi yaitali: ku Maseru imabisala maola osakwana 6 pa tsiku, ku Gaborone pafupifupi 7, pamene ku Lilongwe imabisala maola opitirira 9. Iwo ankadikira tsiku loyamba limene idzaoneke ikutuluka mbandakucha, dzuwa lisanaiphimbe. Tsiku limenelo limafulumira munthu akamapita kummwera ndipo limachedwa akamabwera kumpoto, kotero kuti a ku Eastern Cape, kwawo kwa Axhosa, amaiona msanga m'mwezi wa Meyi, a ku Lesotho ankaidikira chakumapeto kwa mwezi womwewo, koma ife kuno tiyenera kudikira mpaka mu Juni. Izi zokha zikusonyeza chifukwa chake nyenyezi imodzi siingakhale ndi tanthauzo lofanana paliponse.

Mwambo wa Asotho ndiwo unali wa ulemerero koposa. Malinga ndi zimene analemba ofufuza za miyambo, amuna ankakwera kumapiri, kusonkha moto ndi kuchezera akuyang'ana kummwera, ndipo woyamba kuona Naka ankalandira ng'ombe kwa mfumu. Tsiku lomwelo mfumu inkaitana asing'anga kuti aombeze maula ndi kunena ngati chaka chidzakhale cha mwayi kapena cha mavuto. Kuti timvetse chifukwa chake mfumu inkalolera kutaya ng'ombe pa nkhani ya nyenyezi, tiyenera kukumbukira mmene Lesotho alili. Malo otsika kwambiri m'dzikomo ali pa mamita pafupifupi 1,400 kuchokera pa nyanja ya mchere, phiri la Thabana Ntlenyana limafika mamita 3,482, ndipo m'miyezi yozizira kumagwa chisanu chowaula msipu ndi chipale chofewa chimene chimapha nkhosa zikachedwa kutsitsidwa kumapiri. Ankati Naka imatentha chilichonse chobiriwira. Nyenyezi yakutali chotere siingaumitse ngakhale tsamba limodzi, koma monga chizindikiro inali yosanama, chifukwa imabwera pa nthawi yake chaka ndi chaka, pamene kuwerenga miyezi poyang'ana mwezi wakumwamba kumasokonezeka ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse.

Kwa Atswana nkhani yake ndi yachidule komanso ya pakhola. Naka ikaoneka ankadziwa kuti mphepo ikula, mitengo iyoyola masamba, ndipo yakwana nthawi yophatikiza nkhosa zazikazi ndi zamphongo. Nkhosa imakhala ndi bere miyezi pafupifupi 5, choncho ana ankabadwa mvula yoyamba ili pafupi, msipu ukuphukira. Dzina la mwezi wa Juni m'Chitswana, Seetebosigo, limachenjeza kuti munthu asayende ulendo usiku chifukwa cha kuzizira, koma silitchula nyenyezi. M'dziko louma ngati Botswana, kumene mawu akuti pula, mvula, ndiwo dzina la ndalama, chidwi chachikulu chili pa mitambo.

South Africa ali ndi njira zingapo m'dziko limodzi. Avenda a kumpoto, m'mapiri a Soutpansberg, anali ndi mwambo wofanana ndi wa Asotho: woyamba kuona Nanga ankakwera pachitunda n'kuliza lipenga la nyanga ya phalaphala, nyama yomwe ija ife timati mphalapala, ndipo naye ankapatsidwa ng'ombe. Axhosa anachita china. Iwo analowetsa nyenyeziyi m'dzina la mwezi, kotero kuti Meyi ndi ekaCanzibe, mwezi wa Canzibe, ndipo Juni ndi eyeSilimela, mwezi wa kagulu ka nyenyezi zothithikana kamene mabuku amati Pleiades.

Ndikaziika pa sikelo njira zimenezi, ndimaona kuti ya Axhosa ndiyo yolimba, ngakhale ilibe moto wa kuphiri kapena kulira kwa lipenga. Mwambo wa ng'ombe umafuna mfumu yokhala ndi khola, umafuna amuna amene ali kumudzi m'mwezi wa Meyi, ndipo Lesotho ndi dziko limene kwa zaka zoposa 100 linkatumiza amuna ake ku migodi ya ku Kimberley ndi Johannesburg, ku Johannesburg komweko kumene agogo athu ankapita pa Wenela. Nzeru ya Atswana imakhala ndi moyo pokhapokha mwini nkhosa akamadalira thambo m'malo mwa kalendala ya pakhoma kapena ya pafoni. Dzina la mwezi silifuna ng'ombe, limalembedwa pa kalata, limaphunzitsidwa m'kalasi, ndipo limayenda ndi munthu mpaka ku Cape Town. Ndiyenera kuvomereza kuti kulimba kumeneko kuli ndi mtengo wake, pakuti munthu akhoza kulemba ekaCanzibe moyo wake wonse osadziwa kuloza nyenyezi yake, ndipo ambiri pokamba amangoti uMeyi monga ifenso timangoti Meyi. Msotho amene anachezera paphiri ankadziwa malo enieni otulukira Naka pakati pa nsonga ziwiri, ndipo chidziwitso chimenecho dzina la pa kalendala silisunga.

Pa sayansi ya lero kusiyana kwa mayiko atatuwa n'kwakukulu. South Africa anatengera nyumba yopimira nyenyezi imene Angelezi anakhazikitsa ku Cape mu 1820, ndipo ali ndi makina aakulu oonera kutali a SALT ku Sutherland, amene anatsegulidwa mu 2005. Botswana ndi limodzi mwa mayiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchito ya SKA, yomanga makina aakulu otchera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, pamodzi ndi Zambia ndi Mozambique, pamene Lesotho, mwini mapiri aatali ndi mwambo wa Naka, mulibe m'gululo.

Bungwe la akatswiri a zakuthambo la IAU linakhazikitsa dzina lakuti Canopus pa mndandanda wake mu 2016. Mu 2019 linapatsa mayiko mwayi wotcha maina nyenyezi zimene zili ndi mapulaneti, ndipo South Africa anasankha Naledi, mawu a Chisotho ndi Chitswana otanthauza nyenyezi, kukhala dzina la nyenyezi ya WASP-62, imene munthu sangaione popanda makina. Zambia anatcha HD 85390 kuti Natasha, ndi pulaneti yake kuti Madalitso. Nayonso siioneka ndi maso okha, koma ili m'gulu la Vela, pa matanga a chombo chomwe chija chimene msana wake ukunyamula Naka.