Oil Springs: tauni imene inapulumuka ndi zitsime zotulutsa pang'ono

Anthu akamakamba za tauni ya mafuta a m'nthaka amathamangira ku tsiku limene mafuta anaphulika n'kufwamphukira kumwamba. Maganizo anga ndi akuti tsiku limenelo ndi limene limapha tauni. Chimene chimasunga mudzi ndi luso lopopa pang'onopang'ono motchipa, ndipo umboni wake uli ku Oil Springs, kamudzi ka anthu osafika 1,000 m'boma la Lambton, chigawo cha Ontario ku Canada.

Poyamba kunali dambo la dothi la makande, m'malo ena mukutuluka phula lakuda lonata. Charles Tripp ndi m'bale wake Henry anayamba kukumba phulalo, ndipo mu 1854 analembetsa kampani yawo, koma ngongole zinawamiza. James Miller Williams, wopanga ngolo wa ku Hamilton, anatenga malowo, ndipo mu 1858 chitsime chimene anakumba chinayamba kudzaza mafuta amene ankawayenga kukhala palafini wa nyale. Apa n'kuti kudakali chaka chathunthu Edwin Drake asanaboole chitsime chake chotchuka cha ku Titusville, Pennsylvania, m'dziko la America, mu 1859. Anthu a ku Oil Springs salola kuti muiwale zimenezi.

Kaboole ka nthawi imeneyo kanali ka thukuta. Ankakumba dzenje ndi manja mpaka kufika pa thanthwe, n'kutchinga m'mbali ndi matabwa kuti dothi lisagumukire mkati. Kenako ankatenga mtengo wautali wowongoka umene umapindika koma osathyoka, tsinde lake n'kulikhomera pansi, pakati n'kuutsamiritsa pa phanda, kunsonga n'kumangirira chitsulo cholemera chosongoka. Munthu ankaponda chopondera, mtengo n'kuwerama, chitsulo n'kumenya mwala. Akachotsa phazi, mtengo n'kudzuka wokha. Tsiku lonse ntchito inali imeneyo, ndipo mwala unkadyeka pang'ono chabe.

Ndi njira imeneyi munthu wina dzina lake Shaw anaboola chitsime chimene chinaphulika pa 16 Januwale 1862, pa kuya kwa mamita pafupifupi 50. Panalibe amene ankadziwa kutseka chitsime chotuluka chokha. Migolo inalipo yochepa, mathanki kunalibe okwanira, choncho mafuta anasefukira mu mtsinje wa Black Creek n'kutsetsereka mpaka ku nyanja ya St. Clair. Zitsime zina zinaphulikanso chaka chomwecho, ndipo mtengo wa mgolo umodzi unagwa mpaka masenti 10. Taganizirani: mgolo wopanda kanthu unali wodula kuposa mafuta a mkati mwake. Kuwonjezera apo, kukafika ku njanji ku Wyoming, mudzi wa m'boma lomwelo, kunali kudutsa m'matope omiza ngolo, mpaka anachita kuyala msewu wa matabwa. Mpweya wa pansi umene unkakankha mafuta aja unatha msanga chifukwa aliyense ankaboola pafupi ndi mnzake, poopa kuti akachedwa mnzakeyo amumwera mafuta a pansi pa munda wake. Pofika 1863 zitsime zambiri zinali zitasiya kutuluka zokha.

Tauni ya Oil Springs inali itatupa kufika anthu zikwi zingapo, mahotela, masitolo, msewu waukulu woyalidwa matabwa. Mu 1866 chitsime cha King chitatulutsa mafuta ambiri ku Petrolia, makilomita ochepa kumpoto, anthu anasamuka ngati njuchi, kutsala mazana ochepa okha. Ku Pithole, Pennsylvania, zinachitika zomwezo m'zaka zomwezo: mu 1865 kunali anthu oposa 15,000, lero kuli udzu ndi maenje a maziko a nyumba. Oil Springs inayenera kutha chimodzimodzi.

Koma inapulumuka chifukwa cha munthu wina woyeza malo, John Henry Fairbank, amene anafika mu 1861. Vuto limene anaona linali la masamu. Chitsime chikasiya kutuluka chokha chimafunika kupopa, ndipo chitsime chilichonse chinali ndi injini yakeyake ya nthunzi, nkhuni zake, ndi munthu wosonkhezera moto. Chitsime chotulutsa pang'ono sichingalipire zonsezo. Cha m'ma 1863 iye anakonza njira imene amaitcha jerker line, yoti injini imodzi izipopa zitsime zambiri nthawi imodzi.

Kagwiridwe kake n'kosavuta kukamvetsa ngati munapopapo mjigo. M'kanyumba kamodzi muli injini imene imazunguza gudumu lalikulu ndi lamba. Gudumulo lili ndi mkono umene umasandutsa kuzungulira kuja kukhala kukoka ndi kubweza. Kuchokera m'kanyumbako mumatuluka ndodo zamatabwa zolumikizidwa ndi zitsulo, mizere iwiri, zolendewera pa tizitsulo tomangidwa pa nsanamira zazifupi kuti zizigwedezeka osakhudza pansi. Mzere wina ukamapita, winawo ukubwera. Pofuna kukhota, ndodo zimalumikizidwa ku gudumu lachitsulo logona chafufumimba, limene silizungulira lonse koma limangopotoka uku ndi uku, ndipo pa gudumu limenelo pamachoka nthambi zopita mbali zosiyanasiyana za munda. Pa chitsime chilichonse pali mtanda wogona pa nsanamira, wofanana ndi chogwirira cha mjigo: ndodo ikakoka mbali imodzi, mbali inayo imakweza ndodo za m'chitsime, mavavu a pansi n'kukankhira madzi ndi mafuta m'paipi.

Nzeru yeniyeni ili pa kulinganiza katundu. Zitsime zimagawidwa kuti theka likamakwera, theka lina likhale likutsika, choncho kulemera kwa ndodo zotsika kumathandiza kukweza zinzake. N'chifukwa chake injini yaing'ono imakwanitsa. Koma pomweponso ndi pamene zinthu zimavutira. Ndodo imodzi ikawola n'kuthyoka, zitsime zonse za kutsogolo kwake zimaima, ndipo katundu amapendekera mbali imodzi moti injini imayamba kuvutika. Mukachotsa chitsime chimodzi pa mzere kuti mukonze, muyenera kuganizira cholowa m'malo mwa kulemera kwake. Wogwira ntchito wodziwa amamva vuto ndi khutu, chifukwa mzere wabwino uli ndi kalilidwe kake, kwii kwii kosasintha, usana ndi usiku.

Chimene chimatuluka m'chitsime si mafuta okhaokha. Gawo lalikulu ndi madzi amchere onunkha ngati dzira lowola chifukwa cha sulufule. Zonse zimapita m'thanki yolekanitsira, mafuta n'kuyandama pamwamba, madzi n'kutsalira pansi, ndipo masiku ano madziwo amabwezedwa pansi pa nthaka kudzera m'chitsime china m'malo mowataya mu mtsinje monga ankachitira akale. Madzi amenewa amadya mapaipi ndi dzimbiri, zotsekera za pampu zimaperepeseka, ndipo nyengo yachisanu madzi otsalira m'paipi amaundana n'kutseka njira. Kukonza pampu kumafuna kuzula ndodo ndi mapaipi onse, chimodzichimodzi, kuchokera pa kuya kwa mamita oposa 100, poti kuyambira m'ma 1880 anayamba kuboola mozama ndipo mudzi unatsitsimukanso. Kale ankaimika mitengo itatu yomangidwa kunsonga pamwamba pa chitsime, hatchi n'kumakoka chingwe.

Banja la Fairbank likupopabe mafuta m'munda womwewo, tsopano ndi mamota a magetsi m'malo mwa nthunzi, koma ndodo zikadali zamatabwa. Zitsime zawo ndi pafupifupi 350, ndipo pa chaka zimatulutsa migolo pafupifupi 24,000. Mgolo umodzi ndi malita 159. Mukawerengera, chitsime chimodzi chimapereka malita pafupifupi 30 pa tsiku, chigubu chimodzi ndi theka basi. Kampani yaikulu ikanatseka zitsime zotere kalekale. Pano nkhosa zimadya udzu pakati pa mizere ya ndodo, ndiye kutchetcha kwake, ndipo pafupi pomwepo alimi akulima soya ndi chimanga.

Ena anganene kuti Petrolia ndiyo inapindula, ndipo n'zoona kuti nyumba zazikulu za njerwa zinamangidwa kumeneko. Kumenekonso kunachokera akatswiri oboola zitsime amene kuyambira m'ma 1870 ankapita ku Java (Indonesia), ku Galicia (dera la Poland ndi Ukraine lero), ku Persia (Iran) ndi kwina, akazi awo n'kutsala akulera ana ndi ndalama zotumizidwa. Koma ngakhale Petrolia inataya fakitale yoyengera mafuta ya Imperial Oil pamene inasamukira ku Sarnia chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890. Ku Oil Springs kunatsala nyumba yosungiramo mbiri, Oil Museum of Canada, imene inatsegulidwa mu 1960 pa malo a chitsime cha Williams, ndipo mukaima panja pake mphepo ikachokera ku minda ya Fairbank, fungo la sulufule limakupezani.